Kwa amene mwakanidwa kawiri ndalama zothandizira sewero lanu

Mwafunsa kuti inu ndi anzanu anayi muli ndi gulu la zisudzo, nonse simunakwane zaka 25, mwapemphapo kawiri tindalama tochepa tothandizira aluso achinyamata, ndipo maulendo onse awiri akukanani osatchula chifukwa. Mukufuna kudziwa ngati pali chinsinsi kapena n'zongodziwana basi. Mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa inenso ndinakanidwapo kangapo ndisanapeze koyamba, ndipo kenaka ndakhalapo mbali inayo, pagulu lowerenga mapempho a ena.

Pepani kaye. Kalata ija yongoti "tinalandira mapempho ambiri" imawawa, ndikuidziwa bwino. Kudziwana kulipo m'malo ena, sindingatsutse. Koma mapempho ambiri amene ndinawaona akugwa ndi maso angawa anagwera chinthu chimodzi: ntchito imene wopemphayo analonjeza inali yaikulu kuposa ndalama zimene ankapempha.

Taonani mmene Awesome Foundation imachitira. Inayamba ku Boston mu 2009, ndipo lero ili ndi nthambi m'mizinda ya m'maiko osiyanasiyana. Panthambi iliyonse anthu ngati khumi amasonkha madola 100 aliyense, n'kupereka madola 1,000 amenewo kwa munthu amene lingaliro lake lawagwira mtima. Si ngongole, ndipo satengako gawo pa ntchitoyo. Tsono yerekezani kuti ndinu mmodzi mwa anthu khumiwo, ndalamazo zatuluka m'thumba mwanu. Wina walemba kuti akufuna kusintha miyoyo ya achinyamata kudzera mu zisudzo. Wina walemba kuti ali ndi sewero la mphindi 40, analilemba kale, akufuna kulionetsa m'sukulu zitatu mwezi wa Juni, ndipo chimene chikusowa ndi yobwerekera zokuzira mawu, yosokera zovala ndi yoyendera. Mupatsa ndani? Wachiwiriyo mukutha kumuona m'maganizo ali pantchito. Woyambayo mwina ndi waluso kuposa mnzakeyo, koma sanakupatseni pogwira.

Pempho langa loyamba linali ngati la woyambayo. Ndinalonjeza chikondwerero cha masiku atatu, maphunziro a achinyamata, ndi filimu yofotokoza zonsezo, pa ndalama zimene sizikanakwana ngakhale filimuyo yokha. Ndinkaganiza kuti kulonjeza zambiri ndiko kuonetsa kuti ndine wakhama. Owerengawo anangoona munthu amene sanawerengetserepo mtengo wa chilichonse. Ndinakwiya nawo kwa miyezi, pamene iwo sanalakwe.

N'chifukwa chake ndimati yambani ndi bajeti, nkhani ibwere pambuyo. Ambiri amatha sabata yathunthu akukometsera mawu ofotokoza masomphenya awo, bajeti n'kuilemba usiku womaliza. Pamene ife owerenga, makalata akachuluka, timathamangira ku bajetiko, chifukwa n'kumene munthu sangabisale. Mzere wongoti "zipangizo" kapena "zina ndi zina" wokhala ndi theka la ndalama zonse umationetsa kuti simunafunse mitengo. Lembani chinthu chilichonse pachokha, kuchuluka kwake, masiku ake, ndi mtengo umene mwachita kukafunsa kwa wobwereketsa kapena wogulitsa. Muwonkhetse kawiri. Mungadabwe kuchuluka kwa mabajeti amene chiwerengero cha pansi sichigwirizana ndi mizere ya pamwamba. Muonetsenso zimene mwapeza kale popanda ndalama, monga chipinda chokonzekereramo sewero chimene wina wakubwerekani, kapena mnzanu amene adzajambule ulere. Zimenezi zimatiuza kuti ntchitoyo yayamba kale kuyenda, ndalamazo zikungodzaikankha. Ndipo ngati malamulo a thumbalo akulola, siyani kagawo kakang'ono ka zogwa mwadzidzidzi. Ndalama zochokera kudziko lina zikamafika zimakhala zitadyedwa ndi banki komanso kusintha kwa mphamvu ya ndalama, moti zimene munalonjezedwa si zimene mudzazigwire m'manja.

Pali china chimene achinyamata amachita nacho manyazi: kudzilipira. Amaona ngati akaika malipiro a ochita sewero aoneka adyera. Ayi ndithu. Mabungwe ambiri othandiza aluso amayembekezera kuona mzere umenewu, ndipo ine bajeti yolipira wa galimoto ndi wa zokuzira mawu, koma anthu asanu okonzekera sewero kwa miyezi iwiri osalandira kanthu, imandidetsa nkhawa. Gulu lotero limabalalika pakati pa ntchito wina akapeza ganyu. Ikani pang'ono, koma ikani, ndipo mugwirizane nonse asanu musanatumize.

Chachiwiri chimene chimagwetsa anthu n'chomvetsa chisoni chifukwa n'chopeweka: kugogoda pakhomo losayenera. Thumba lililonse lili ndi amene linapangidwira. Prince Claus Fund ya ku Netherlands, imene inakhazikitsidwa mu 1996, kuyambira 2021 yakhala ikupereka Seed Awards, ma euro 5,000 kwa aluso 100 pachaka amene ali m'zaka zisanu zoyambirira za ntchito yawo. Zimenezo zimapita kwa waluso payekha kuti akulitse luso lake. Art Moves Africa imathandiza pa maulendo a aluso m'kati mwa Africa, osati kupanga sewero. International Fund for Cultural Diversity ya UNESCO (nthambi ya bungwe la United Nations), yochokera mu pangano la maiko la 2005 loteteza zikhalidwe zosiyanasiyana, imafika mpaka madola 100,000, ndipo chiwerengero chimenechi chimakopa ambiri, koma imapita kwa mabungwe olembetsedwa ndi nthambi za boma pa ntchito zolimbikitsa gawo lonse la zachikhalidwe. Gulu la anthu asanu lofuna kuonetsa sewero limodzi likatumiza kumeneko langotaya nthawi. Werengani malamulo a chaka chimenecho mpaka kumapeto, chifukwa amasintha: zaka za wopempha, dziko, ngati akufuna munthu kapena bungwe, zimene salipira. Pempho lolakwira malamulo nthawi zambiri silifika n'komwe kwa oweruza, limachotsedwa poyambirira. Mwina anu awiri aja palibe amene anawawerenga. Ngati pali adiresi yofunsirako mafunso, funsani tsiku lomaliza lisanayandikire. Safunsa anadya phula.

Za umboni wa ntchito yanu ndinena mwachidule. Kanema wa mphindi ziwiri wojambulidwa pafoni, mawu akumveka bwino, amaposa masamba atatu odzitamandira. Muike chigawo chabwino kwambiri koyambirira, chifukwa wowerenga wotopa safika kumapeto. Ndipo muyese linki yanu pafoni ya munthu wina, kuti muone ngati ikutseguka.

Tsopano tinene kuti mwapambana, chifukwa walira mvula walira matope. Ndalama zidzalowa mu akaunti ya ndani? Ndaonapo magulu amene anapirira limodzi zaka zambiri ali opanda kanthu akutha m'mwezi umodzi ndalama zitabwera. Ngati gulu lanu silinalembetsedwe, mabungwe ena amalola kuti bungwe lolembetsedwa likusungireni ndalamazo, ndipo nthawi zambiri limatengako kagawo kake, choncho mulembe pangano. Ngati zikulowa mwa mmodzi wa inu, pakhale wachiwiri wovomereza ndalama iliyonse yotuluka, ndi kope limene aliyense angaliwone. Ngati pakati panu pali wosakwana zaka 18, kawirikawiri pamafunika wamkulu wosainira. Funsaninso ngati ndalama zimabwera zonse nthawi imodzi, chifukwa ena amapereka gawo poyamba, lotsalalo mukapereka lipoti, ndiye mungapezeke mwalonjeza anthu ndalama zimene mulibe. Pangano lanu ndi opereka ndalamawo muliwerenge pa nkhani ya umwini wa sewero ndi zithunzi. Ndipo ngati mukaonetse sewerolo kusukulu, chilolezo chojambula ana muchipeze kale, musadzachifune tsiku lomwelo.

Malisiti. Jambulani lililonse pafoni tsiku lomwe mwalilandira, chifukwa inki yake imafufutika. Lipoti mulitumize nthawi yake, ndipo mulembe zoona. Ngati munalonjeza sukulu zitatu koma mwafika ziwiri, nenani, ndi chifukwa chake. Mukafuna kusintha ntchito ya ndalama ina, pemphani chilolezo musanasinthe. Opereka ndalama zazing'ono amadziwa kuti akuthandiza anthu ongoyamba, ndipo kulephera pang'ono sikuwadabwitsa. Chimene sakhululuka ndi kuzimiririka. Lipoti labwino la kandalama kochepa ndilo limene mudzalionetse mukamadzapempha zokulirapo, pakuti funso lawo loyamba limakhala lakuti munayendetsapo ndalama za ena.

Chenjezo limodzi, popeza pa intaneti pamaponyedwa malinki ambiri. Aliyense wokuuzani kuti mwapambana thandizo limene simunapemphe, kapena kuti mutumize kaye ndalama kuti akutulutsireni zanuzo, ndi wakuba. Pitani nokha patsamba lenileni la bungwelo mukatsimikize.

Ine ndikanakhala inu, ndikanawalembera amene anakukanani aja mwaulemu, kupempha ndemanga ngakhale ziwiri. Ena sayankha, ena amayankha, ndipo zimathandiza. Kenaka ndikanatenga pempho lachiwiri lija n'kulidula mpaka patsale chinthu chimodzi chimene asanunu mungachimalize m'miyezi itatu. Mukafuna, ikani bajeti yake pansipa mutachotsa maina ndi manambala a foni, ndidzaiona Loweruka.