Kulumikiza laputopu ku Power Cab: chingwe chija musachilowetse kaye achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amakhala ku Johannesburg, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pano chifukwa funso lomweli ndafunsidwapo kangapo. Akuti anagula NCE Power Cab, makina owongolera masitima azidole, kwa bambo wina amene anasiya zamasitima azidolezi, pamodzi ndi injini zitatu za saizi ya HO zoti zili kale ndi ma decoder (timabolodi ta mkati mwa injini tolandira malamulo), njanji anayala pa thabwa m'galaja ndipo zonse zikuyenda bwinobwino ndi kachipangizo ka m'manja kaja. Pano akufuna alumikize laputopu yawo yakale ya Windows. Aona kuti kamutu ka chingwe cha Power Cab kakulowa pa bowo la intaneti la laputopuyo, nde akufunsa ngati angolowetsa basi, komanso akufuna kudziwa kuti apange bwanji kuti masitima aziyenda okha n'kumaima pa siteshoni.

Achimwene, chingwe chimenecho musachilowetse mu laputopu, chonde. Kamutu kake ndi RJ12, ka mawaya 6, pomwe bowo la intaneti ndi RJ45 la mawaya 8, kamalowadi chifukwa ndi kakang'ono koma zimene zimadutsa m'menemo n'zosiyana kutalitali. Pa Power Cab, chingwe chaphwatalala chija sichinyamula mauthenga okha ayi, chimanyamula magetsi ochokera ku kabokosi ka pathabwa kupita m'manja mwanu komanso magetsi obwerera kupita ku njanji. Mukachilowetsa pa laputopu mukhoza kuwotcha bowo la intanetilo, kapena Power Cab yomwe, ndipo palibe chimene mungapindule ngakhale zitapanda kupsa chifukwa awiriwa salankhula chinenero chimodzi.

Kuti mumvetse bwino, tiyambe ndi mmene DCC, njira yowongolera masitimawa ndi mauthenga odutsa pa njanji, imagwirira ntchito. Njirayi inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany, kenako bungwe la NMRA la ku America linaitenga n'kuikhazikitsa ngati muyezo wa onse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'chifukwa chake decoder ya kampani ina imamvera makina a kampani ina. Pa njanji pamakhala magetsi nthawi zonse, ndipo magetsiwo amatembenuka uku ndi uku mofulumira kwambiri, kutalika kwa kutembenuka kulikonse ndi kumene kumapanga uthenga, kwakufupi kwa pafupifupi 58 microseconds kumatanthauza 1, kwakutali kwa 100 kapena kupitirira kumatanthauza 0. Injini iliyonse imamva mauthenga onse koma imamvera okhawo amene ali ndi adiresi yake. Amene amapanga mauthengawa ndi command station, ndipo pa Power Cab command station ili mkati mwa kachipangizo komwe mumagwira m'manjako, n'chifukwa mukakachotsa pathabwa masitima onse amaima. Nde kompyuta silankhula ndi njanji, silankhula ndi injini, imalankhula ndi command station ngati mmene chowongolera chachiwiri chingachitire, imangopempha kuti uza injini nambala 3 ithamange, command station n'kutumiza.

Koma muyezo wa NMRA uja umathera pa njanji. Kumbuyoku, pakati pa command station ndi zowongolera, kampani iliyonse ili ndi chinenero chake. Digitrax ali ndi LocoNet, Lenz ali ndi XpressNet, NCE ali ndi cab bus yawo, ndipo chilichonse chimafuna womasulira wake. Wa Digitrax amagula PR4 kapena LocoBuffer-USB, wa Roco Z21 kapena ESU ECoS iyeyo ndi amene amagwiritsadi ntchito chingwe cha intaneti kupita ku router. Inuyo chimene mukufuna ndi kabolodi kotchedwa NCE USB Interface. Mbali imodzi kamalowa pa bowo lakumanja la kabokosi ka pathabwa, lomwe limakhala la chowongolera chachiwiri, Power Cab imatsala pa bowo lake lakumanzere, mbali inayo ndi USB yopita ku laputopu. Pa kabolodiko pali ma jumper ang'onoang'ono amene amaikidwa molingana ndi makina amene muli nawo, musawasunthe mwachisawawa, tsatirani pepala lake ndipo muone version ya Power Cab yanu imene imaoneka pa sikirini mukangoiyatsa chifukwa zakale ndi zatsopano zimasiyanako.

Pulogalamu yoyambira ndikulangizani JMRI, yaulere, imalembedwa ndi anthu odzipereka ndipo imayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Imafuna pulogalamu ina yotchedwa Java, nde muike Java kaye kenako JMRI. Ilipo Rocrail, zilipo zogula ngati iTrain ndi TrainController, koma zimenezo muzisiye kaye, mudzazifuna mtsogolo ngati mudzazifune n'komwe.

Pamene anthu ambiri amakakamira ndi pa COM port. Mukalowetsa USB, Windows imayenera kuiona ngati serial port n'kuipatsa dzina ngati COM3 kapena COM5. Tsegulani Device Manager, pitani pa Ports, zulani chingwe muone chimene chasowa, lowetsaninso muone chimene chabwera, imeneyo ndiye port yanu. Ngati sipakubwera kanthu kapena pakubwera kachizindikiro kachikasu ndiye kuti driver palibe, kabolodi ka NCE kamafuna driver ya Silicon Labs CP210x. Ngati driver ilipo koma zii, sinthani chingwe cha USB musanayambe kukayikira china chilichonse, zingwe zakale zoduka mkati zandidyera maola ambiri ine. Mu JMRI mumasankha NCE, kenako NCE USB, kenako port ija, kenako mtundu wa makina kuti Power Cab, ndi liwiro lolankhulirana lomwe pa Power Cab nthawi zambiri limakhala 9600. Muyatse Power Cab kaye, mulowetse USB, kenako mutsegule JMRI, ndipo muzilowetsa pa bowo lomwelo la laputopu tsiku lililonse chifukwa mukasintha bowo Windows ikhoza kupereka nambala ina ya COM, JMRI n'kumadandaula kuti sikuipeza. Komanso port imodzi singagwiridwe ndi mapulogalamu awiri nthawi imodzi, JMRI imabwera ndi DecoderPro ndi PanelPro, nde ngati DecoderPro ndi yotsegula musatsegulenso PanelPro payokha.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri chifukwa muli ndi injini zitatu. Pali njira ziwiri zosinthira zinthu mu decoder. Ina ndi ya pa main, pamene uthenga umapita ku adiresi imodzi yokha injini ili pa njanji yake. Ina ndi ya pa programming track, pamene uthenga sutchula adiresi, injini iliyonse imene ili pa njanjiyo imaulandira n'kuulemba. Makina akuluakulu amakhala ndi mawaya awiri apadera a programming track, koma Power Cab ili ndi potulukira pamodzi pokha, nde mukalowa mu programming track mode njanji yanu yonse imasanduka programming track. Mukalemba adiresi 25 injini zonse zitatu zili pa njanji, zonse zitatu zikhala 25, ndipo mukadzatembenuza liwiro zidzanyamuka limodzi. Zinandichitikira ine ndikuyamba kumene, madzulo onse anathera kubwezeretsa ma adiresi ndipo imodzi ndinali ndisanalembe paliponse zimene zinali mkati mwake, ndinataya makonzedwe onse amene mwini wake woyamba anapanga. Nde chotsani injini zina zonse pa njanji musanayambe, kapena dulani kachidutswa ka njanji kapadera, kotalika ngati mkono, muike switch yosankha kuti magetsi apite ku thabwa kapena ku kachidutswako. NCE amagulitsanso kabolodi kotchedwa Auto-SW kamene kamachita zimenezi kokha.

Mukaika injini imodzi yokha, mu DecoderPro dinani New Loco kenako batani lowerenga mtundu wa decoder. Muona injini ikunjenjemera pang'onopang'ono, kapena kusuntha timamilimita tingapo, musadabwe. Decoder ilibe pakamwa poyankhira, nde command station imafunsa kuti kodi nambala yako ndi yakuti, ikakhala yoona decoder imakoka magetsi owonjezera pafupifupi 60 mA kwa ma milliseconds 6 pogwedeza mota, ndipo command station imamva kukokako ngati eya. N'chifukwa chake mawilo akuda kapena njanji yafumbi imalepheretsa kuwerenga ngakhale injiniyo imayenda bwino, ndipo m'galaja fumbi silisowa, pukutani ndi kansalu musanayambe. DecoderPro imawerenga ma CV, timabokosi ta manambala mmene decoder imasunga makonzedwe ake, kuyambira CV8 imene imanena kampani, mwachitsanzo 151 ndi ESU, 129 ndi Digitrax, 11 ndi NCE, 141 ndi SoundTraxx, ndi CV7 imene imanena version. Zikatheka izi ndiye kuti kulumikiza kwanu konse kuli bwino, laputopu, USB, Power Cab mpaka njanji.

Musanasinthe kalikonse, werengani ma CV onse n'kusunga. Pa decoder yamawu zimatenga nthawi yaitali ndithu, pitani mukamwe tiyi, koma popeza injinizi munagula kwa munthu wina simukudziwa zimene anaikamo, ndipo fayilo imeneyo ndi imene idzakupulumutseni tsiku limene zinthu zidzasokonekere. Kwa ine apa ndi pamene pali phindu lenileni la kompyuta, kuposa kuyendetsa komwe. Tengani adiresi yaitali ngati 1234, pamanja muyenera kuika 196 mu CV17, 210 mu CV18, kenako kuwonjezera 32 pa CV29 kuti decoder idziwe kuti isiye adiresi yaifupi ya mu CV1. Power Cab imakuchitiraniko zimenezi yokha, zoona, koma mukafika pa magetsi a injini, kukula kwa mawu, kapena kufananitsa liwiro la injini ziwiri kuti zikoke limodzi, pamakhala ma CV ambirimbiri ndipo DecoderPro imakuonetsani mawu omveka ndi timabokosi tochonga m'malo mwa manambala. Yambani ndi CV3 ndi CV4, kunyamuka ndi kuima pang'onopang'ono, muona sitima ikuyamba kuoneka yolemera ngati yeniyeni osati kudumpha ngati chidole.

Chinthu chimodzi chimene ndimasintha pa injini iliyonse ndi kuzimitsa analog mode, yomwe imalola injini kuyenda pa njanji ya magetsi wamba a DC opanda mauthenga, mu CV29, ndiko kuchotsa 4 pa nambala imene ilipo, 38 n'kukhala 34. Decoder imene analog ili yoyatsa nthawi zina imasokonezeka magetsi akamabwera n'kuganiza kuti ili pa njanji ya DC, n'kuthamanga liwiro lonse osamvera aliyense. Magetsi akazima n'kubweranso, laputopu imatsala yoyaka ndi batire koma Power Cab imazima n'kuyakanso yokha, ndipo sindikufuna injini yanu ikagwe pa simenti. Muonenso cholembedwa pa adaputa ya Power Cab, zinthuzi zimachokera ku America kumene magetsi ndi 120V, ngati yakhala ikugwira ntchito ndiye kuti ili bwino, koma mukadzagula china chilichonse kunja muziona kuti palembedwa 100-240V.

Kuyendetsa masitima ndi foni ndiye kosavuta. Mu JMRI yatsani WiThrottle server, pa Android ikani Engine Driver, pa iPhone ikani WiThrottle, foni ndi laputopu zikhale pa Wi-Fi imodzi. Windows ikafunsa za firewall muvomere Java idutse, apo ayi foni siiona laputopu. Ikakanabe, lembani pamanja IP ya laputopu ndi port 12090. Ana akabwera aliyense ndi foni yake ndi injini yake, kungoti mukumbukire kuti Power Cab imapereka pafupifupi ma amp awiri okha, injini zitatu za HO zikwana koma musawonjezere zambiri.

Za kuyenda okha zija, achimwene, ndikuuzeni zoona kuti USB yokha siikwanira. Kompyuta imatumiza malamulo koma ilibe maso, sidziwa kuti sitima ili pati. Mukhoza kulemba kuti yenda masekondi 20 kenako ima, zigwira kawiri katatu, kenako mota ikatentha kapena njanji ikada sitima iyamba kuima patsogolo kapena kumbuyo kwa siteshoni mpaka tsiku lina igunda inzake. Pamafunika kudula njanji m'zigawo, chigawo chilichonse n'kukhala ndi detector imene imamva kuti pano pali chinthu chikukoka magetsi, mabogi amene alibe magetsi kuwaika ka resistor ka 10k pa mawilo kuti nawonso aoneke, mapointi onse, pamene njanji imapatukira, kuwaika mota ndi ma decoder ake, kenako mauthenga onsewo apeze njira yobwerera ku kompyuta. Pa mbali yobwererayi Power Cab ndi yochepekedwa, ndipo anthu ambiri amangowonjezera njira yachiwiri, JMRI imalola kulumikiza makina awiri nthawi imodzi, nde masitima amayendera NCE pomwe ma sensor amabwera kudzera pa Arduino, kabolodi kakang'ono ka kompyuta, kapena LocoNet payokha. Ine thabwa langa ndinalijambula potengera Nkaya, pamene njanji yopita ku Nacala imapatukira, ndipo zigawo zisanu ndi chimodzi zokha zinanditengera miyezi, mawaya pansi pa thabwa kuchuluka kuposa njanji pamwamba. Ngati thabwa lanu simunalimalize, dulanitu mipata ya zigawo pano n'kutsitsa mawaya ake, ngakhale muwalumikize onse pamodzi kaye, kudula njanji yoti mwamata kale ndi miyala ndi ntchito yowawa.

Ngati NCE USB ikuvuta kupeza kapena mtengo wake ndi wotumizira zakwera, njira ina ndi DCC-EX, yomwe ndi Arduino Mega ndi motor shield, kabolodi kopereka magetsi ku njanji, pamwamba pake, iyoyo ndi command station payokha, ili ndi USB kale ndiponso main ndi programming track zosiyana. Mukhoza kuigwiritsa ntchito pa kachidutswa ka njanji ka pa tebulo pokonzera ma decoder, Power Cab n'kumayendetsa thabwa monga kale. Kungoti ziwirizi zisakumane pa njanji imodzi ngakhale kamphindi, command station ziwiri pa njanji imodzi zimawotchana.

Mukawerenga CV8 ndi CV7 za injini zitatuzo munditumizire manambala ake pamodzi ndi version ya Power Cab, ndi chithunzi cha thabwa chojambulidwa kuchokera pamwamba, ndikuthandizani kuona pamene mungadule zigawo.