Buledi wa tinjere pamwamba ndi shuga wa bambo a kunyumba

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti amuna awo awapeza ndi matenda a shuga, ndiye akufunsa ngati buledi wolembedwa kuti "multigrain" angathandize. Mayi, funso lanuli landigwira pabala, chifukwa njira imeneyi ndinaidutsa ndi bambo anga.

Atangowapeza ndi shuga, mtima wanga sunakhale m'malo. Ndinayamba kuwagulira buledi wabulauni uja wa tinjere pamwamba, n'kumawadulira m'mawa uliwonse. Tinjere tikagwera m'mbale ankatitola ndi chala n'kumatafuna pang'onopang'ono, ine n'kumati ndiye kusamala kholo kumeneku. Zaka ziwiri zathunthu! Tsiku lina mchemwali wanga, amene ndi namwino, anatembenuza pepala la buledi uja n'kundilozera timalemba ting'onoting'ono takumbuyo. Choyambirira pamndandanda unali ufa woyera wa tirigu. Kuderako kunachokera ku shuga wopsereza amene anathiramo. Mpaka lero zimandiwawa.

Mawu akuti "multigrain" amangotanthauza kuti muli mbewu zingapo, basi. Sanena ngati mbewuzo zalowa zathunthu kapena zokonola. Njere iliyonse, kaya ya tirigu, mpunga, mapira kapena mawere, ili ndi gaga kunja, kamtima kamene kamamera, ndi mbali yoyera ya sitalichi. Opanga ufa amachotsa gaga ndi kamtimako chifukwa mafuta a m'kamtima amaononga ufa msanga. Koma faiba (mbali ya chakudya cha ku zomera imene sigayika m'mimba), mavitamini a gulu la B, vitamini E, ayironi ndi maginiziyamu zambiri zimapitira komweko. Mbewu zisanu zokonola mukazisakaniza pamodzi, zimakhalabe ufa woyera womwewo. Ine ndimati kulemba mawu amenewa ndi zilembo zikuluzikulu pa buledi wotere n'kusewera ndi moyo wa odwala, ndipo sindidzasintha maganizo.

Musandimve molakwa, kusakaniza mbewu zathunthu n'kwabwino zedi. Faiba amachedwetsa chakudya kugayika, ndiye shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono, munthu amakhuta nthawi yaitali, ndipo vuto lodzimbidwa limachepa. Mu 2019 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wamkulu amene anapeza kuti anthu odya faiba wambiri sadwaladwala mtima, sitiroko, shuga ndi khansa ya m'matumbo poyerekeza ndi odya wochepa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya faiba wosachepera magalamu 25 patsiku. Komanso mbewu iliyonse ili ndi mphamvu yake. Oats ndi balere zili ndi faiba wina woterera, uja amachititsa phala la oats kunanda, ndipo magalamu atatu okha a faiba ameneyu patsiku amatsitsa kolesiterolo. Mapira ndi mawere alibe gluten (puloteni wa mu tirigu amene sayanja anthu ena), komanso amapirira chilala. Sizinali zamasewera kuti bungwe la United Nations linasankha 2023 kukhala chaka cha mbewu zimenezi. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti anthu amanyoza mbewuzi zikakhala m'thumba wamba, koma akaziona zitawazidwa pamwamba pa buledi wa m'pepala lonyezimira amathamangira.

Nanga mugule chiyani?

Tembenuzani pepalalo, mayi. Zinthu amazilemba kuyambira chimene chachuluka, ndiye choyamba chikhale ufa wa mbewu yathunthu, umene amalemba kuti "whole grain" kapena "whole wheat". Ngati mungathe, gayitsani nokha mbewu zosakonola n'kusakaniza. Yambani pang'ono ndipo azimwa madzi ambiri, apo ayi mimba iwafufuma masiku oyambirira. Mbewu yathunthu imakwezabe shuga ikachuluka m'mbale, choncho muyeso ukhalepo, ndipo mankhwala asasiye popanda kuuzidwa ndi adokotala.