Aircon ikulemba F1, amisiri akuti ndigule bodi yatsopano, ndilipire?

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina wa saluni: "Aircon yanga ndi ya Gree, yatha zaka zitatu. Sabata yathayi yayamba kumangozima yokha nkumalemba F1. Amisiri amene ndinaitana anangoyang'ana ndi maso nkunena kuti bodi yafa tigule ina, komanso akuti tiwonjezere gasi. Ndalama yake ikudya phindu la mwezi wonse, koma ma dryer akayaka mkatimu simukhalika, makasitomala ayamba kuthawa. Ndilipire?"

Mayi, musalipire kaye. Ndikumvetsa kuti tsiku lililonse lomwe makina ali chizimire ndalama ikutuluka pakhomo, koma chomwe chandidetsa nkhawa m'funso lanuli ndi mawu oti anangoyang'ana ndi maso. Bodi, kachipangizo ka zamagetsi komwe kamalamulira makina onse, siiweruzidwa ndi maso ayi, pokhapokha ngati yachita kupsa nkuda bii.

Pa ma aircon a Gree, F1 imatanthauza kuti sensa yoyeza kutentha kwa m'chipinda sikumveka bwino ku bodi, kaya waya wake waduka kapena washota. F2 ndi ya sensa ya pa paipi ya koyilo yamkati, timapaipi tomwe timaziziritsa mpweya. Makampani ena amalemba zawo, LG imati CH01 ndi CH02, Daikin imati C9 ndi C4, ndiye amene muli ndi mtundu wina onani kabuku kanu musatengere za mnzanu. Sensayo ndi kanthu kakang'ono zedi, kamutu kakuda ngati ka machesi kumapeto kwa tiwaya tiwiri, kamakhala pa kapulasitiki kutsogolo kwa koyilo mukangotsegula chivundikiro pomwe pali mafyuluta paja. Pa zida zonse za aircon kameneka kali m'gulu la zotchipa kwambiri, pomwe bodi ndi kompresa, injini yopopa gasi, ndiye zodula, ndiye mukuona kusiyana kwa kotesheni yomwe mwapatsidwa ndi vuto lomwe makinawo akunena okha.

Kayezedwe kake sikovuta ndipo ndikufuna mukakhalepo nokha amisiri akamayeza. Azimitse magetsi pa breaker, osangoti pa rimoti, azule kapulagi ka sensa pa bodi, aike multimeter, mita yoyezera za magetsi, pa ma ohms nkugunditsa pa tiwaya tija. Sensa zimenezi zimatchedwa thermistor za NTC, kutanthauza kuti kukamatentha nambala imatsika, kukamazizira imakwera. Ya m'chipinda ya Gree imayenera kuwerenga pafupifupi 15k (ma ohms 15,000) kutentha kukakhala madigiri 25, ya pa paipi 20k, pomwe mitundu ina yambiri imagwiritsa 5k kapena 10k. Mita ikalemba OL ndiye kuti waya waduka penapake, ikalemba pafupi ndi ziro ndiye yashota. Ikawerenga nambala yooneka bwino, inuyo tsinani kamutu kaja ndi zala ziwiri muziyang'ana pa mita, nambala izitsika pang'onopang'ono chifukwa cha kufunda kwa dzanja lanu, mukasiya izibwerera. Ikangoima njo kapena kumadumphadumpha, sensa yatha. Zonsezi sizitenga ngakhale mphindi khumi.

Nthawi zinanso sensa imakhala ilibe mlandu, kapulagi kangokhwepa kapena kachita dzimbiri, mwinanso khoswe watafuna waya. Mu saluni muli tsitsi louluka ndi utsi wa ma spray, zonsezo zimakamatira pa fyuluta ndi pa kasensako, choncho kutsuka mafyuluta milungu iwiri iliyonse musamakuone ngati ntchito yachabe.

Bodi imabwera pomalizira. Ngati sensa yawerenga bwino, waya ali bwino, pulagi yakhala bwino koma F1 ikubwerabe, pamenepo ndiye tingayambe kuikayikira, ndipo ngakhale apo funsani kaye ngati singakonzeke musanagule yatsopano.

Za gasizo ndiye zandikwiyitsa pang'ono. F1 ilibe chochita ndi gasi. Komanso gasi wa aircon samatha ngati mafuta a galimoto, amangozungulira m'mapaipi otsekeka, akachepa ndiye kuti pena pake pakudontha. Munthu akati tiwonjezere gasi mufunseni kuti wayeza presha yanji ndipo pakudontha ndi pati, apo ayi mudzalipira lero nkudzalipiranso miyezi ingapo ikubwerayi pa bowo lomwelo.

Chinthu china chomwe musalole ngakhale akunyengerereni bwanji ndi choti achotse sensa nkuikapo resistor, kachida komwe nambala yake ya ma ohms siisintha, kuti F1 isiye kuoneka. Inde makina ayaka, koma bodi izingomva kutentha kumodzimodzi tsiku lonse, kompresa osapuma, bilu ya magetsi kukwera, ndipo akachita zimenezi pa sensa ya paipi koyilo ikhoza kuundana ayezi makina osadziwa. Mwapulumutsa ndalama ya kasensa nkuika pachiswe kompresa yomwe ikafa ambiri amangogula aircon ina. Chimodzimodzi kuika sensa ya 10k pamalo pa ya 15k poti ndi imene yapezeka, bodi iziwerenga zabodza, muziika 24 pa rimoti chipinda chikuchita zina.

Ndiye kumbali ya ndalama chitani chonchi. Pezani lisiti yogulira muone ngati walanti ina idakalipo, chifukwa makampani ambiri amapereka nthawi yosiyana pa kompresa ndi pa zida zina, ndipo munthu wosavomerezeka akatsegula makina walanti ikhoza kufa. Itanani amisiri ena, mugwirizane mtengo wa kuyeza pawokha asanagwire chilichonse, ndalama imeneyo musaiwerengere ngati yotayika. Kotesheni ilembedwe, chida pachokha ntchito payokha, ndi nambala yomwe mita yawerenga. Amisiri oyamba aja musawanyoze, mwina anafulumira chabe, auzeni kuti abwere ndi mita adzayeze inu mukuona, akakana ndiye mwadziwa pomwe mwaima.

Akasintha sensa, yakaleyo akusiyireni m'manja, makina ayake kwa ola lathunthu ma dryer ali oyatsa iwo asanachoke, ndipo pa lisiti alembe kuti F1 ikabweranso mkati mwa masiku angati adzabwera osalipiritsanso.