Takisi ya pabwalo la ndege: ndiumirire mita kapena ndinenerere?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga nkhani zanga za maulendo. Dzina lawo ndisunga, koma funso lawo mwachidule ndi ili:

"Mwezi wamawa ndikukwera ndege ndekha koyamba, ndipo kumene ndikupitako ndikafika usiku. Achimwene anga atayenda chaka chatha analipira takisi ndalama zoti akanakwerera maulendo atatu. Ena akundiuza kuti ndikaumirire mita, ena akuti mita ndiye yoberapo anthu, bola kunenerera. Ndimvere ziti? Nanga oitanira aja ndikawasiyanitsa bwanji ndi madalaivala enieni?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene lanyamula nkhani yonse. Za mita, kachipangizo ka mu takisi kowerengera mtengo wa ulendo, zibwera pambuyo.

Mukadzatenga chikwama chanu n'kutuluka pakhomo lomaliza lija, mudzapeza khamu la anthu: ena anyamula mapepala olembedwa mayina, ena akudikira abale awo. Pakati pawo padzatulukira bambo wovala bwino, mwina ali ndi kakhadi kolendewera m'khosi, n'kukufunsani mwaulemu, "Takisi?" Ameneyo musamutsate. M'mabwalo aakulu ambiri, dalaivala wovomerezeka sayendayenda m'kati kusaka anthu. Amakhala m'galimoto mwake pamzere wa matakisi panja, kudikira kuti nthawi yake ikwane, ndipo ena amadikira maola. Wokupezani m'kati ndi amene alibe malo pamzerepo, kapena sakufuna malamulo a pamzerepo. Ku New York kuitanira anthu okwera takisi m'bwalo la ndege ndi mlandu, ndipo pabwalo la ndege la Charles de Gaulle ku Paris anaika zikwangwani zochenjeza apaulendo za anthu omwewa. Kakhadi ka m'khosi kasakupusitseni. Aliyense atha kusindikiza kake.

Inenso zinandionekerapo, ndiye sindikulankhula ngati wochenjera. Ndinatsika ndege pabwalo lina cha m'ma 1 koloko usiku, maso ali psuu ndi tulo, foni itatsala pang'ono kuzima. Mnyamata wina anandilandira chikwama ndisanayankhe n'komwe, ati galimoto ili pafupi pomwepa. Pafupi pakewo tinadutsa mzere wonse wa matakisi, tinawoloka msewu, tinakalowa kumalo oimika magalimoto a anthu wamba. Mtima unkandiuza kuti bwerera, koma ndinachita manyazi, poti chikwama chili kale m'manja mwa mnyamatayo. Mtengo tinagwirizana ndithu. Titafika kuhotela, mtengo uja unabala ana: ya chikwama, ya usiku, ya poimika galimoto. Buti anakana kutsegula mpaka nditalipira. Ndalama sizinandiwawe kwenikweni. Chinandiwawa n'chakuti m'mawa mwake wolandira alendo pahotelapo atamva zimene ndinalipira anangogwira pakamwa.

Muone bwino pamenepa, Mayi. Oitanira sadalira umbuli wa mlendo okha ayi. Amadalira kutopa, manyazi ndi chikwama. Akangochigwira chikwamacho, mwagwidwa ndinu. Ndiye chanu chikhale m'manja mwanu, muyankhe kamodzi kuti ayi zikomo, maso pachikwangwani cholozera kumatakisi, miyendo isaime. Musafotokoze zambiri. Mukati "ndikudikira munthu" afunsa kuti ndani, mukati "ndikupita kuhotela yakuti" akuuzani kuti inatsekedwa kapena msewu wake watsekedwa lero. Mabodza awiriwa ndi akale kwambiri, limodzi ndi lija lakuti sitima yaleka kuyenda kapena matakisi akunyanyala ntchito.

Tsopano za mita. Amene anakuuzani kuti muumirire mita ananena zoona, amene anati mita ndi yoberapo ananenanso zoona. Kungoti aliyense amakamba za mzinda umene iye anapitako. Mabwalo a ndege salipiritsa mofanana, ndipo ntchito yanu musananyamuke ndi kudziwa kuti limene mukukatsikiralo limayendera njira iti.

Mita ndi kachipangizo kakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Ya makono inapangidwa ndi Mjeremani wina, Friedrich Wilhelm Gustav Bruhn, mu 1891, ndipo pofika 1897 mumzinda wa Stuttgart munkayenda kale galimoto ya Daimler yokhala ndi mita. Ngakhale dzina loti takisi linachokera ku dzina la kachipangizoka. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta. Ikangoyatsidwa imaonetsa ndalama yoyambira, musanasunthe n'komwe. Galimoto ikamathamanga imawerenga mtunda. Ikaima pamaloboti kapena ikamakwawa pamdipiti wa magalimoto, imasiya mtunda n'kuyamba kuwerenga nthawi. N'chifukwa chake ulendo womwewo utha kukhala wotchipa m'bandakucha koma wodula madzulo anthu akuweruka, popanda wina kukuberani.

Pamene pamabisala kuba ndi pa kanambala kakang'ono kamene kamaoneka pambali pa ndalamazo. Mita imodzi imakhala ndi mitengo ingapo: wa masana, wa usiku, wa kunja kwa mzinda. Ku London amailemba 1, 2, 3, ku Paris A, B, C. Dalaivala wosakhulupirika safunika kuwononga mita, amangodina mtengo wa usiku dzuwa lili pamutu. Mu 2010 akuluakulu oyang'anira matakisi ku New York, atafufuza pogwiritsa ntchito GPS ya m'magalimoto, anapeza kuti madalaivala ambiri ankadina nambala 4, ya maulendo a kunja kwa mzinda, ali m'kati mwenimweni mwa mzindawo, ndipo okwera sankazindikira. Ngati zinachitika kumene malamulo ndi okhwima chonchija, zitha kuchitika kulikonse. Choncho mukakhala pampando, yang'anani zinthu ziwiri: kodi mita yayambira pa ndalama yoyambira, osati yotsala ya amene watsika kumene? Nanga kanambala kaja kakugwirizana ndi pepala la mitengo lomata pazenera kapena kumbuyo kwa mpando?

Palinso njira yozungulira, yoti ulendo wa makilomita 20 ukhale wa 30. Imeneyi masiku ano ndi yosavuta kuigwira. Koperani mapu a mzindawo mufoni mukadali kunyumba, kuti azigwira ntchito ngakhale popanda intaneti, ndipo muwatsegule poyera dalaivala akuona. Koma musafulumire kukalipa akapatuka. Nthawi zina akuthawa mdipiti, kapena akupewa msewu wolipiritsa. Funsani kaye.

Ndalama zina zowonjezera pamita ndi zalamulo ndithu, ndipo ndaonapo apaulendo akuchita phokoso pa zinthu zoti dalaivala sanalakwe. Pabwalo la ndege la Suvarnabhumi ku Bangkok, m'dziko la Thailand, mumatenga katikiti pamakina, kamene kamakuuzani malo pamene takisi yanu yaima. Mumalipira zimene mita yawerenga, kuphatikizapo ma baht (ndalama za kumeneko) 50 a bwalo la ndege, ndiponso zolipira pamisewu yothamanga ngati mwadzera kumeneko. Ku Dubai mita ya takisi yonyamukira pabwalo la ndege imayambira pamwamba kuposa ya m'tauni. Poti mwati mukuyenda nokha usiku, ndinene kuti ku Dubai komweko kuli matakisi a denga la pinki, oyendetsedwa ndi amayi, onyamula amayi ndi mabanja.

Nanga dalaivala akati mita yawonongeka? Kumene lamulo limati mita iyatsidwe, yankho ndi kutsika n'kukwera yotsatira. N'chifukwa chake funso loti "muyatsa mita?" lifunsidwe muli panja, chikwama chisanalowe m'buti. Mita zimenezi zili ndi matenda odabwitsa, zimadwala zikaona mlendo n'kuchira zikaona kuti mlendoyo akubwerera.

Mizinda ina inatopa ndi madandaulo n'kuika mtengo umodzi wokhazikika. Ku New York, kuchoka pabwalo la ndege la JFK kupita kudera la Manhattan pa takisi yachikasu, mtengo unakwera kufika pa madola 70 mu Disembala 2022, ndipo pamwamba pake pamabwera zolipira pamilatho, tindalama tina ta boma, ndi kangachepe kothokoza dalaivala, kamene kumeneko amakayembekezera. Paris inayamba zimenezi mu 2016: kuchoka pa Charles de Gaulle inali mayuro 50 kupita kutsidya lakumpoto la mtsinje wa Seine ndi 55 kutsidya lakummwera, ndipo yakhala ikukwera pang'onopang'ono. Ku Rome mtengo wokhazikika wochokera pabwalo la ndege la Fiumicino umagwira ntchito pokhapokha ngati mukupita m'kati mwa malinga akale a Aurelian ozungulira pakati pa mzindawo, ndiponso ngati mwakwera takisi yoyera yokhala ndi chizindikiro cha mzinda wa Rome pachitseko. M'malo ngati amenewa, kuumirira mita ndi kudzipweteka nokha, chifukwa pa nthawi ya mdipiti mita itha kupitirira mtengo wokhazikikawo. Dalaivala wochenjera amadziwa zimenezi, ndipo ndi amene angakuuzeni mokoma kuti tiyeni tiyendere mita.

Njira imene ine ndimaikonda ndikafika usiku ndi yolipiriratu pakauntala. Ku Delhi, ku Mumbai ndi ku Mexico City zimenezi zilipo. Mumanena kumene mukupita, mumalipira, amakupatsani lisiti, kenako mumakakwera. Kawirikawiri imadulirapo pang'ono, koma mkangano wa kumapeto kwa ulendo palibe. Chenjezo limodzi: ngati akupatsani kapepala koti mupereke kwa dalaivala, gwiritsitsani mpaka mutafika pakhomo penipeni pamene mukupita, chifukwa m'malo ena dalaivala amakalandira ndalama zake ndi kapepalako. Ndipo kauntala yake ikhale yoti mwaipeza potsata zikwangwani za bwalo la ndege kapena mwalozeredwa ndi a pamalo ofunsira, osati yokutengerani munthu wokumana naye m'njira.

Kunenerera kumatsala kumene kulibe mita, kulibe mtengo wokhazikika, kulibe kauntala, ndipo mabwalo otere alipo ambiri. Kumeneko safunsa anadya phula. Lemberani hotela kapena amene akukulandirani musananyamuke, muwafunse kuti takisi kuchokera kubwalo la ndege imakhala ndalama zingati. Mukakhala ndi nambala m'mutu, kunenerera kumatha msanga. Pogwirizana, mutsimikize kuti mtengowo ndi wa galimoto yonse osati wa munthu mmodzi, kuti katundu ali momwemo, ndiponso kuti ndi ndalama za dziko liti. "Fifite" atha kukhala wa ndalama za m'dzikomo ponyamuka n'kusanduka wa madola pofika. Lembani nambalayo pafoni, mumuonetse, avomere ndi mutu.

Mwina mukuti bwanji osangoitanitsa galimoto kudzera pa mapulogalamu a pafoni monga Uber kapena Bolt. Inde, kumene zimaloledwa zimathandiza, chifukwa mtengo mumauona musanakwere ndipo ulendo umalembedwa. Kumayiko ngati Thailand, Malaysia ndi Singapore muikiretu pafoni pulogalamu yotere ya Grab, poti Uber inagulitsa bizinesi yake ya kuderalo kwa Grab mu 2018. Koma mtengo wake umakwera ndege zambiri zikatera nthawi imodzi, ndipo malo okwerera nthawi zambiri amakhala kwina, osati pakhomo. Oitanira nawonso anaphunzira. Amaima pamalo okwererawo foni ili m'manja n'kumati "Uber? Ndine amene." Musayambe ndinu kutchula dzina lanu. Yang'anani nambala ya galimoto ngati ikufanana ndi ya pafoni, ndipo dalaivala akakupemphani kuti muthetse ulendo pafoni kuti mulipire pamanja, kanani.

Musaiwalenso kuti si ulendo uliwonse wofuna takisi. Kuchoka pabwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg, sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, imafika ku Sandton pa mphindi pafupifupi 15, ndipo sitima ya Heathrow Express imatenga nthawi ngati yomweyo kuchoka pabwalo la ndege la Heathrow kukafika pasiteshoni ya Paddington ku London. Vuto lake kwa inu ndi la usiku: onani nthawi ya sitima yomaliza, chifukwa zambiri sizichezera.

Polipira penipeni pali kachinyengo kena kamene kamagwira ngakhale ozolowera kuyenda. Mumapereka ndalama yapepala yaikulu, dalaivala amaigwetsa mwachangu pansi pa mpando n'kukuonetsani yaing'ono yofanana nayo mtundu, ati mwalakwitsa. Ndalama zachilendo, mumdima, mutatopa, mumayamba kudzikayikira nokha. Mankhwala ake ndi kusintha ndalama pang'ono pabwalo la ndege n'kupempha zing'onozing'ono, kenako polipira muzitchula mokweza iliyonse mukamaipereka. Zing'onozing'onozi zimathetsanso nyimbo ija ya "ndilibe chenji". Ngati mukufuna kulipira ndi khadi, funsani musanakwere, ndipo muone nambala imene yalembedwa pamakina musanadine zanu zachinsinsi. Tsikani, chikwama chitsike, kenako ndalama zituluke.

Mwina zonsezi mudzachita, komabe n'kupezeka kuti muli kale m'galimoto ndipo zinthu sizikuyenda bwino: mita ikuthamanga ngati yaona mkango, kapena mtengo wasintha pakati panjira. Musakangane naye pamsewu wamdima. Mukadzangokwera mudzakhale mutajambula nambala ya galimoto n'kuitumiza kwa wachibale. Khalani chete mpaka pakhomo pa hotela pamene pali magetsi ndi anthu, muitane wapachipata kapena wolandira alendo kuti amve nawo mtengowo m'chinenero chawo, ndipo mupemphe lisiti yolembedwa nambala ya takisiyo. Madalaivala ambiri otere akangomva za lisiti, mtengo umatsika wokha. Akaumirira mpaka kuyamba kuopseza, lipirani, lowani m'kati, dandaulo mukapereke m'mawa ku ofesi yoyang'anira matakisi mumzindawo, nambala ija ili m'manja.

Mundilemberenso, Mayi, mundiuze bwalo limene mukatsikire ndi ola lake, kuti tione limodzi ngati kumeneko n'kwa mita, kwa mtengo wokhazikika kapena kwa kauntala.