Aphungu akamakambirana bilu, ife akumudzi tili ndi mawu?

Mayi wina wa ku Mchinji, amene ali m'komiti ya sukulu ya pulayimale ya kwawo, wandilembera pa imelo. Akuti amamva pa wailesi kuti aphungu akukambirana mabilu okhudza sukulu, ndende, zipatala ndi makhonsolo, ndiye akufunsa ngati munthu wamba angachitepo kanthu biluyo isanasanduke lamulo, kapena chake n'kungodikira kuuzidwa.

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga usiku ndipo tulo tinandithawa. Mwandikumbutsa achimwene anga.

Munali mu 2013, nyengo yozizira. Achimwene ankachita geni ya tomato. Amene anagulitsapo pamsika akudziwa kuti wofuna kupikula katundu wabwino amafika lole isanayambe kutsitsa, choncho iwo ankadzuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Tsiku limenelo njinga inali yakuphwa, ananyamuka wapansi, dengu lopanda kanthu paphewa, ndalama za mpamba m'thumba la mkati. Panjira anakumana ndi apolisi oyendera usiku. Atafunsidwa kopita anayankha. Atafunsidwa za ndalamazo anafotokoza. Anawakweza galimoto basi. Mlandu wake vakabu.

Ife kunyumba tinadziwa madzulo, mnzawo wa pamsika atabwera kudzafunsa ngati akudwala. Amayi anangomanga chitenje osayankhula. Tinayamba kufufuza kuchipatala, kenako kunyumba yachisoni, ndipo miyendo ya amayi inkanjenjemera pakhomo paja mpaka ndinachita kuwagwirira. Kupolisi tinapitako pomalizira, chifukwa m'mutu mwathu munalibe ganizo loti munthu wosaba, wosamenya mnzake angapezeke m'chitokosi. Tinawapeza ali chilili, opanda nsapato ndi lamba, pakati pa anthu ochuluka moti pokhala panalibe. Anagonamo masiku anayi. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti gawo 42 la Malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48. Palibe anatiuza, ifenso tinkaopa kufunsa.

Tsiku la kukhothi wina anawanong'oneza kuti, "Ingovomerani mulipire muzipita kwanu, mukakana mukagona ku rimandi." Anavomera mlandu umene sanapalamule. Amayi anagulitsa mbuzi yaikazi, ili ndi bere, kuti chindapusa chikwane. Mpamba unathera momwemo, geni sinadzukenso, ndipo chaka chotsatira achimwene analowera ku Joni. Mpaka lero nkhaniyi ikayambika amatuluka panja.

Patapita zaka ndi pamene ndinamva dzina la chimene chinawagwira: ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, yotengera kwa atsamunda, imene inkalola wapolisi kumanga munthu pongomuganizira kuti ali pamalopo ndi cholinga choipa. Mu 2015 bambo Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anagwidwa chimodzimodzi m'bandakucha akupita kumsika wa Limbe. Iwo sanavomere. Nkhani inakwera mpaka ku High Court, ndipo mu Januwale 2017 oweruza anagamula kuti ndimeyo ikutsutsana ndi Malamulo a dziko. Nditamva pa wailesi ndinalira. Koma mkwiyo unabwera pambuyo pake, pamene ndinayamba kuwerenga zala. Tinalandira ufulu mu 1964. Tinavotera zipani zambiri mu 1993. Aphungu analowa ndi kutuluka m'Nyumba ya Malamulo kangati, ndime imeneyi ili phee m'buku, ikudya mbuzi za amayi athu? Sanaichotse aphungu. Anaichotsa munthu wogulitsa majumbo pamodzi ndi maloya amene anamuimira.

Kale ndinkati ntchito yopanga malamulo ndi yochedwa mwachibadwa, tiziwapirira. Pano ndinasiya kunena zimenezo. Aphungu athu sachedwa pa chilichonse. Amasankha chochedwetsa.

Taonani za ndende. Lamulo loyendetsera ndende la 1956 linalamulira Zomba, Maula ndi Chichiri kwa zaka zoposa 60. Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi wina, Gable Masangano, khothi linauza boma kuti kuthinana kwa akaidi ndi nkhanza, ndipo linapereka miyezi 18 kuti kuchepetsedwe ndi theka. Zaka khumi zinadutsa lamulo la 1956 likadalipo, akaidi akugonabe chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, chakudya kamodzi patsiku. Ena mwa iwo ndi a pa rimandi, anthu oti khothi silinawapeze olakwa. Akaidi alibe wowaitanira pamsonkhano wa kampeni, n'chifukwa chake nkhani yawo imayenda ngati nkhono. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga kuchokera kuboma nalonso linalimbanirana zaka zoposa khumi, linadutsa mu 2016, linasayinidwa mu 2017, koma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, chifukwa linkadikira nduna kuti itchule tsiku. Kudutsa kwa bilu ndi kuyamba kwa lamulo ndi zinthu ziwiri, ndipo pakati pakepo m'pamene zambiri zimafera.

Tsopano yerekezani ndi ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF zija, zimene zinayamba mu 2006. Mu Meyi 2025 khothi linagamula kuti aphungu asamayendetse thumbali ndiponso asamavote m'makhonsolo, chifukwa ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, osati kugula simenti. Chaka chisanathe, aphungu anali atadutsitsa kale bilu yosintha Malamulo oyendetsera dziko kuti mphamvu ija ibwerere m'manja mwawo. A mbali ya boma ndi otsutsa, amene amakangana pa chilichonse, apa anayankhula chimodzi. Mtsogoleri wa dziko, Peter Mutharika, anakana kuisayinira kumayambiriro kwa 2026, anthu ndi mabungwe atadandaula kwambiri. Miyezi yochepa pa thumba la ndalama, zaka makumi pa akaidi. Ine kusiyana kumeneku sindingathe kukukhululukira.

Za makhonsolo zimandipweteka mwapadera chifukwa ndi boma limene lili pafupi ndi chitsime chanu ndi denga la sukulu yanu. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linalonjeza mphamvu ku anthu. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi. Mkati mwa zaka zimenezo, mu 2010, lamulolo linasinthidwa kuti aphungu azivota m'khonsolo. Panalibe khansala ndi mmodzi yemwe woti akane. Mwana amene anayamba sitandade 1 mu 2005 anamaliza pulayimale asanaonepo khansala, ndiye tikudabwa chiyani kuti anthu amakapempha bokosi la maliro ndi mlatho kwa phungu yemweyo?

Inu a komiti ya sukulu mukudziwa mbali ina kuposa ine. Pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo chinali chinthu chabwino, sinditsutsa. Lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale mokakamizidwa. Koma amene amathamangitsana ndi makolo kuti asonkhe ya chitukuko, ya mlonda, ya mayeso, ndinu. Amene mumaumba njerwa n'kumaziona zikumera udzu podikira malata, ndinu. Ine ndinaphunzira sitandade 3 pansi pa mtengo wa mango, mvula ikayamba belu linkalira lokha m'mitu mwathu. Mwana wa mng'ono wanga akuphunzira pansi pa mtengo womwewo. Bilu ya maphunziro imene sikunena kumene ndalama ya kalasi ndi nyumba ya mphunzitsi ichokere, katundu wake amagwera komiti ngati yanu.

Zaumoyo nazo n'chimodzimodzi. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, boma linagwiritsa lamulo la zaumoyo la 1948 polengeza m'bindikiro wa masiku 21, popanda kunena kuti wogulitsa mandasi adya chiyani. Mavenda anatuluka m'misewu, khothi linaimitsa m'bindikirowo mu Epulo usanayambe. Lamulo lolembedwa agogo athu ali ana linkayembekezeredwa kuyendetsa dziko pa tsiku loopsa chotero, chifukwa m'masiku a mtendere palibe analikumbukira.

Kodi mawu a munthu wamba anasinthapo bilu?

Inde, Mayi, ndipo ichi n'chimene chimandiletsa kutaya mtima. Bilu ya HIV ndi Edzi itafika ku Nyumba ya Malamulo mu 2017, munali ndime zokakamiza magulu ena a anthu, kuphatikizapo amayi oyembekezera, kuyezetsa magazi, ndiponso zopereka chilango kwa munthu wopatsira mnzake kachilombo. Amayi amene ali ndi kachilomboka anaona msanga pamene mkondo ukulunjika: mayi ndiye amayezedwa koyamba ku sikelo, ndiye mayi ndi amene aziimbidwa mlandu wobweretsa matenda m'nyumba. Anasonkhana, anakumana ndi aphungu, anafotokoza za moyo wawo pamaso pawo, ndipo mu Novembala 2017 biluyo inadutsa ndime zija zitachotsedwa. Ambiri mwa amayiwo sanali maloya. Anali atamva zimene zili m'biluyo, anapita pagulu, ndipo anafika nthawi idakalipo. Zaka za ukwati zinakwera kufika 18 mu 2015, ndi kukhazikika m'Malamulo a dziko mu 2017, chifukwa atsikana, mafumu ndi mabungwe anagogoda osatopa.

Achimwene anga analibe gulu. Ndikaganiza za masiku anayi aja, chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti pamsika paja panali anthu ambiri amene anagwidwapo vakabu, aliyense analipira payekha n'kubwerera kukakhala chete pa benchi lake.

Tsono chochita ndi ichi. Pezani biluyo yeniyeni, osadalira zomva pa wailesi zokha; ipempheni kwa phungu wanu kapena ku ofesi ya Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, ndipo lamulo lopezera uthenga kuboma lija likukupatsani mphamvu yopempha. Imakhala m'Chingerezi, choncho khalani pansi ndi aphunzitsi awiri akumasulireni, inu mukufunsa kuti alipire ndani, alangidwe ndani, iyamba liti. Lembani kalata imodzi ya komiti yonse, mutchule ndime imene mukuikana ndi chifukwa chake, asayine makolo, adinde amfumu. Ina ipite kwa phungu, ina kwa wapampando wa komiti ya aphungu yoona za maphunziro kudzera kwa mlembi wa Nyumbayo, ina kwa khansala, ina musunge. Chitani zimenezi biluyo isanafike poiunika ndime ndi ndime, chifukwa apo ndi pamene amasintha mawu. Ikadutsa, mtsogoleri wa dziko amakhala ndi masiku 21 oti asayine kapena aibweze, ndiye imbani pa mapulogalamu a wailesi a lamya m'masiku amenewo.

Mukaipeza, Mayi, nditumizireni mutu wake ndi nambala yake pa imelo yomweyi, tiiwerengere limodzi komiti yanu isanakumane.