Mphete za Ndodo Yowedzera: Mugule Ziti, Zingati, Ndipo Zitalikirane Bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina wa konkuno ku Lilongwe, ndipo popeza funso lake limazunguza pafupifupi aliyense amene akumanga ndodo yowedzera koyamba, ndaganiza zoliyankha pano kuti ena apindule nawo. Mkuluyu akuti mlamu wake wamubweretsera kuchokera ku Johannesburg ndodo ya kaboni yosamangidwa kanthu, yotalika masentimita 213, yolumikiza pakati. Akufuna kuikapo reel (kamakina kokulungira chingwe) ya nambala 3000, ya mtundu wolendewera pansi pa ndodo, pamodzi ndi chingwe choluka chija ambiri amangochitcha braid. Amawedza milamba m'madamu oyandikira tauni, ndipo akapeza mpata amatsikira ku Senga Bay kukayesa ncheni ndi kampango. Chamuimitsa mutu n'chakuti wapeza pa intaneti miyeso iwiri yosiyana ya kaikidwe ka mphete zodutsamo chingwe, wina wa mphete 7 ndipo wina wa mphete 9, choncho sakudziwa kuti agule ziti ndiponso azimange pati.

Achimwene, miyeso iwiri mwapezayo ingathe kukhala yolondola yonse, koma yolondola pa ndodo zimene anthu anailembawo anali nazo m'manja, osati pa yanu. Ndodo ziwiri zofanana kutalika sizipindika mofanana, chifukwa ina imawerama kunsonga kokha pomwe ina imawerama mpaka pafupi ndi chogwirira. Muyeso wolembedwa ndi poyambira chabe. Malo enieni a mphete mudzawadziwa mukaipinda ndodoyo n'kuiona ndi maso anu, ndipo mbali yaikulu ya yankho langa ili pamenepo.

Ife amene tinakula tikuwedza ndi nsungwi m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe tinkamanga chingwe kunsonga basi, ndipo mlamba waukulu ukakoka, mphamvu yonse inkathera pamalo amodzi mpaka nsonga kuthyoka. Mphete zimagawa mphamvu imeneyo kuti ndodo yonse isenze katundu, ndipo iyi ndi ntchito yake yoyamba. Yachiwiri imaoneka poponya: chingwe chikamachoka pa sipulu (pamene chimakulungidwa) ya reel ya mtundu wanuwo sichituluka chowongoka, koma chimabwera chikuzungulira ngati kamvuluvulu, ndiye mphete ziwiri kapena zitatu zoyambirira ziyenera kuchiweta kuti pofika kutsogolo chikhale chikuyenda mowongoka osamenya thupi la ndodo. Mukamvetsa ntchito ziwirizi, muona kuti mphete za kufupi ndi reel zimasankhidwa potengera reel, pomwe za kunsonga zimasankhidwa potengera mmene ndodo ikupindikira.

Pa nkhani yogula, ndisakubisireni maganizo anga: musataye ndalama pa mphete za titanium. Ubwino wake waukulu ndi kupepuka komanso kusadyeka ndi madzi amchere, koma ife kuno, kuyambira m'madamu a ku Malingunde mpaka kunyanja, timawedza m'madzi opanda mchere, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri chimatha zaka zambiri ngati mumapukuta ndodo mukabwera kowedza. Pamene muyenera kuumirira ndi pa kamphete ka m'kati, kamene chingwe chimakhulapo. Braid imanyamula timchenga tosaoneka ndi maso, ndipo pakapita nthawi imakumba timizere pa mphete za chitsulo chokhachokha, kenaka timizereto n'kumadula chingwe chomwecho. Gulani zokhala ndi seramiki m'kati. Kampani ya ku Japan ya Fuji ili ndi mitundu ingapo: Alconite, imene ili ya mtengo wapakati, SiC yolimba kwambiri ndi yokwererapo mtengo, ndi Torzite yodula kuposa zonse. Pa nsomba mukuzifunazo Alconite ikukwanirani, ndipo ngati m'thumba mwatsala kangachepe, ikani SiC pa mphete ya kunsonga yokha, popeza ndi imene imakhulidwa kwambiri.

Musanalipire, kapena phukusi likangofika, tengani kathonje kotokosera m'khutu muzungulize m'kati mwa mphete iliyonse. Seramiki yong'aluka siioneka msanga ndi maso, koma imakola thonje. Ine ndinaphunzira zimenezi nditaluza nsomba ziwiri m'mawa umodzi, chingwe chikungoduka popanda chifukwa chooneka, mpaka nditapeza kamng'alu kochepa ngati tsitsi pa mphete yachitatu imene ndinagula motchipa m'sitolo ina m'tauni muno.

Manambala a mphete amatanthauza kukula kwa bwalo lake m'mamilimita, mongoyandikira. Kale anthu ankamanga mphete zazikulu zotsika pang'onopang'ono, monga 30, 25, 20, 16, 12, 10 ndi 8, poganiza kuti chingwe chimafuna khomo lalikulu paliponse. M'zaka za m'ma 1990 a Fuji anafalitsa njira ina imene anaitcha New Guide Concept, yomwe mfundo yake ndi yakuti chingwe chiwetedwe msanga ndi mphete zochepa zazitali miyendo, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kunsonga pakhale timphete tating'ono, tofanana, topepuka. Ine ndili mbali imeneyi, chifukwa chitsulo chilichonse chimene mwachiika kunsonga chimailemeretsa ndodo pamalo pamene iyenera kukhala yopepuka, ndipo ndodo yolemera kunsonga imanjenjemera nthawi yaitali mukaponya komanso siikuuzani msanga nsomba ikagunda nyambo. Pa reel yanu ndingatenge 25, 16 ndi 10 za miyendo yaitali, kenaka timphete ta nambala 6 ta phazi limodzi. Mukapeza za Fuji za mtundu wa K zazitali kwambiri, zimene miyendo yake inapendekera kutsogolo kuti chingwe chisamakolepo, 20, 10 ndi 5.5 zigwira ntchito yomweyo. Zindikirani kuti pa mphete yoyamba kutalika kwa mwendo n'kofunika kuposa kukula kwa bwalo. Timphete tochepera nambala 6 tilipo ndipo ena amatikonda, koma inu mudzakhala mukulumikiza braid ku chingwe cha nayiloni chakutsogolo, makamaka pa ncheni imene ili ndi mano, ndipo mfundo yolumikizirayo imafuna podutsa momasuka.

Za chiwerengero, lamulo lakale limati mphete zikhale zochuluka ngati mafiti a ndodo, kuwonjezapo imodzi, osawerengera ya kunsonga yovekedwa ngati chipewa ija. Masentimita 213 ndi mafiti 7, ndiye kuti poyambira panu ndi mphete 8, pakati penipeni pa miyeso yanu iwiri ija. Komabe itanitsani timphete tating'ono tiwiri towonjezera, chifukwa ndodo ikadzafuna yachisanu ndi chinayi simudzafuna kudikira mwezi wathunthu kuti wina abwere nayo kuchokera kunja. Ya kunsonga ili ndi miyeso iwiri, wa bwalo ndi wa kapaipi kolowa ku ndodo, choncho yezani nsonga yanu musanaitanitse.

Tsopano tifike pa katalikiridwe. Malizani kaye chogwirira ndi pokhala reel, chifukwa miyeso yonse ya kumunsi imayambira pamenepo, ndipo vekani mphete ya kunsonga. Mangani reel imene mudzaigwiritsedi ntchito, osati yobwereka. Yezani kukula kwa mlomo wa sipulu modutsa pakati, ndipo nambala mwapezayo muichulukitse ka 27. Tiyerekeze kuti mwapeza mamilimita 47: yankho likhala pafupifupi masentimita 127. Kuchokera pa mlomo wa sipulu yezani mtunda umenewo molunjika kunsonga, ikani chizindikiro, ndipo pamenepo mumatepo kamphete kanu koyamba ka nambala 6 ndi tepi ya pepala. Apa ndi pamene chingwe chiyenera kukhala chitafika kufupi ndi thupi la ndodo. Kenaka kokani ulusi kuchokera pakati pa sipulu kukafika pa kamphete kameneko, ndipo mphete zitatu zazitali zija muzisunthe mmwamba ndi mmunsi mpaka nsonga ya bwalo la iliyonse, mbali yotalikirana ndi ndodo, ikhudze ulusiwo. Mukatero mudzaona kuti mphete iliyonse yadzipezera yokha malo molingana ndi msinkhu wake. Kawirikawiri yoyamba imagwera pakati pa masentimita 48 ndi 56 kuchokera pa sipulu, ndipo ikagwera kutali kwambiri ndi pamenepo, ndiye kuti mwendo wake sukugwirizana ndi reel yanu.

Chotsala ndi chigawo cha kunsonga, chimene pa ndodo yanu chingakhale masentimita 50 ndi pang'ono. Ikani kamphete koyamba masentimita 9 kapena 10 kuchokera kunsonga, ndipo totsatirato muzitalikitsa pang'onopang'ono, mwachitsanzo 10, 11, 11 ndi 12, mpaka mukumane ndi kaja munaika poyamba. Zonsezi zikhale pa tepi. Musakhudze ulusi womangira kapena guluu pa nthawi ino.

Apa ndi pamene anthu ambiri amachita changu, pomwe ndi pamene pafunika kudekha. Ikani chogwirira pansi pa chinthu cholemera kapena mupemphe mnzanu achigwire, ndodo itapendekera mmwamba pang'ono ndipo mphete zitayang'ana pansi monga zimakhalira powedza. Mangani chingwe chapadera ku mphete ya kunsonga, ndipo kumapeto kwake mulendeweretse botolo lapulasitiki. Thirani madzi m'botolomo pang'onopang'ono mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a ndodo litawerama bwino. Chingwe chanu chowedzera chidutse m'mphete zonse ndipo chingokhala ndi kamtovu kochepa kochikoka kuti chisakhwepe. Chifukwa chogwiritsira ntchito zingwe ziwiri n'chakuti chopinda ndodo chikadutsa m'mphete zomata ndi tepi, chimazizula kapena kuzipotoza, ndipo chimasinthanso mapindikidwe amene mukufuna kuwaona. Tsopano khalani pambali, maso anu alingane ndi ndodo, muyang'ane mpata wa pakati pa chingwe ndi thupi la ndodo kuyambira kunsonga. Pamene chingwe chikutsatira kupindika kwa ndodo bwinobwino, palibe chovuta. Pamene chatalikira ngati nsinga ya uta, kapena chikupanga ngodya yakuthwa pa mphete imodzi, mphete za pamenepo zatalikirana kwambiri, ndipo muzisendeze kapena muwonjezerepo imodzi. Pamene ndodo ili yowongoka koma mphete zathithikana, mungathe kuzitalikitsa. Onjezerani madzi kuti kupindika kutsikire pakati, muyang'anenso. Musapitirize mpaka nsonga kuloza kumbuyo kwa chogwirira, chifukwa kaboni sachenjeza ngati nsungwi, amangothyoka.

Nthawi yoyamba imene ndinachita zimenezi pakhonde, ndinasuntha kamphete kachitatu ndi masentimita awiri okha, ndipo ngodya imene inkandinyansa inatheratu. Ndodo ina ya m'mbuyomo ndinali nditaimanga motsatira pepala, n'kuipaka guluu tsiku lomwelo, ndipo ndinakhala Loweruka lathunthu ndikupala ulusi wouma ndi lumo, mtima uli m'mwamba poopa kucheka kaboni.

Popeza ndodo yanu ndi yolumikiza, onetsetsani kuti mphete imodzi yagwera pafupi ndi polumikizira, ndipo pakamwa pa chigawo cholowetsamo chinzake mudzakulungepo ulusi ngakhale patakhala kuti palibe mphete, kuti pasang'aluke. Za kufufuza msana wa ndodo, kutanthauza mbali imene ndodo imakonda kupindikira ikakanikizidwa, komwe ena amakulemekeza kwambiri, ine sinditayapo nthawi yambiri. Ndimaiyang'ana ndodo motsata utali wake ngati mmisiri woyang'ana thabwa, ndipo mphete ndimaziika mbali imene ikuoneka yowongoka kwambiri.

Mukakhutira ndi kupindika, limbitsani tepi ndipo mupite nayo pabwalo la mpira m'mawa kusanadzaze ana. Mangani mtovu wolemera mofanana ndi nyambo zanu, wopanda mbedza, muponye kakhumi kapena kupitirira. Mvetserani ndi khutu. Mukamva chingwe chikuwomba thupi la ndodo pakati pa reel ndi mphete yoyamba, ndiye kuti mpheteyo yatalikira kwambiri kapena ndi yaifupi mwendo, ndipo muibweze kufupi ndi reel sentimita imodzi kapena awiri. Mukaona chingwe chikuunjikana kutsogolo kwa reel ngati chikukanika kulowa, ndiye kuti yayandikira kwambiri. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo ikani mwala pamene mtovu ukugwera kuti mudziwe ngati kusinthako kwathandiza. Mphete yoyamba ikasuntha kwambiri, bwererani ku botolo lija mukaonenso.

Zikatheka zonsezi, lembani miyeso yanu papepala kuyambira kunsonga, chifukwa tepi imasuntha pomanga. Palani nsonga ya phazi la mphete iliyonse ndi tupa kuti ikhale yotsetsereka, ulusi ukwere popanda kudumpha, ndipo pansi pa phazi pasatsale chakuthwa chokanda kaboni. Ulusi wa nayiloni wa saizi A ukukwanira pa ndodo yotere. Musanapake epokisi, guluu wophimba ulusi womangirawo, yang'anani m'mphete zonse kuchokera kuchogwirira monga mukuloza chinthu chakutali, muwongole imene yapatuka, popeza ulusi wosapaka umalola kusuntha pang'ono. Pakani mopyapyala, chifukwa guluu wochuluka pa timphete ta kunsonga amabweza kulemera konse kumene munakuthawa pogula timphete tating'ono. Ngati mulibe kamota kozungulitsira ndodo, kapena magetsi akazima muli pakati pa ntchito, itembenuzeni ndi dzanja pakatha mphindi zochepa zilizonse kwa maola awiri oyambirira kuti guluu asadonthere mbali imodzi. M'miyezi ya fumbi tsekani mawindo ndipo muwaze madzi pansi musanayambe.