Kodi aphungu amazilondoladi ndalama zikachoka mu Nyumba ya Malamulo?

Mphunzitsi wina wa ku Dedza wandilembera imelo sabata yathayi. Akuti: "Chaka chilichonse timamva pa wailesi kuti aphungu avomereza bajeti. Nanga ndalamazo zikafika ku unduna kapena ku mabungwe ngati ESCOM ndi ma Water Board, alipo amazitsatira? Kapena ntchito ya aphungu imathera povomerezapo basi?"

Aphunzitsi, alipo, ndipo mphamvu ali nazo ndithu. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti kawirikawiri amafika nyama itadyedwa kale, n'kumafunsa mafunso pa mafupa.

Kumayambiriro zinthu zimayenda bwinoko. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, osati pa 1 July ngati kale. Nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, aphungu amagawana m'makomiti n'kumaitana akuluakulu a maunduna kuti afotokoze zimene apemphazo, kenaka Nyumba yonse imavomereza gawo limodzilimodzi. Mabungwe amene mwatchulawo amasiyanako pang'ono, chifukwa ndalama zawo zambiri zimachokera ku mabilu amene inu ndi ine timalipira, koma nawonso ali ndi komiti yawo ya aphungu yoona za makampani a boma, ndipo mabuku awo amayenera kufufuzidwa.

Nkhani yagona pa zimene zimachitika ndalama zikagwiritsidwa ntchito. Auditor General, mkulu amene malamulo aakulu a dziko lino anamupatsa udindo wofufuza mabuku a boma, amalemba lipoti n'kulipereka ku Nyumba ya Malamulo. Lipotilo limapita ku komiti ya aphungu yolondola momwe ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito, yotchedwa PAC, imene mwamwambo wapampando wake amachokera ku mbali yotsutsa boma. Komitiyi imaitana mlembi wamkulu wa unduna kapena mkulu wa bungwe, popeza iye ndiye amayankha pa tambala aliyense wa pamalopo, ndipo munthu akaitanidwa sayenera kukana.

Mukadzapeza mpata muonereko zokambiranazi. Bwana amakhala pampando, pambali pake wa maakaunti ali ndi mulu wa mafailo. Phungu akufunsa za mafuta a galimoto amene anatengedwa popanda kulembedwa, za ma alawansi a msonkhano umene palibe umboni woti unachitika. Wa maakaunti akutembenuza mapepala, thukuta lili kamukamu, kenaka yankho n'kukhala lakuti malisiti sakupezeka. Bwana uja n'kuwonjezera kuti nthawi imeneyo iye anali asanabwere pa ofesiyo. Ndipo mwina sakunama, chifukwa nkhani imene akufunsidwayo ndi ya zaka zingapo zapitazo, amene anasaina cheke anasamutsidwa kapena anapuma kale pantchito.

PAC simanga munthu. Imalemba maganizo ake, Nyumba n'kuvomereza, ndiye unduna wa zachuma umayenera kuyankha kudzera mu chikalata chotchedwa Treasury Minute, kufotokoza kuti ndani wabweza ndalama, ndani walangidwa. Kwa ine apa ndi pamene chingwe chimadukira. Mafunso okhadzula aja timawamva pa wailesi, koma za kubweza sitimva kwenikweni, ndipo zolakwa zomwezo mumazipezanso mu lipoti la chaka chotsatira.

Mukumbukira Cashgate, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ija? Mu September 2013, Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti, anawomberedwa pakhomo pake ku Lilongwe, ndipo zinthu zinayamba kuululika. Kampani ya Baker Tilly itafufuza inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha, kuyambira April mpaka September chaka chimenecho. Anthu ankalowa mu makina olipirira a IFMIS, kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, n'kufufuta umboni. Nyumba ya Malamulo inalipo, makomiti analipo, koma chimene chinavundukula mphika ndi chipolopolo, komanso ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana amene inu mumaphunzitsawo.

Fanizirani ndi nkhani ya K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi Covid-19 imene ina mwa iyo inagwiritsidwa ntchito molakwika. Anthu atachita phokoso, kafukufuku anachitika msanga, lipoti linatuluka mu April 2021, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito Ken Kandodo mwezi womwewo. Ofufuza ake anali a ofesi ya Auditor General yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti lipoti linafika msanga, nkhani isanazizire.

Choncho phungu wanu akadzabwera ku msonkhano kumudziko, Aphunzitsi, musadzangomufunsa za mlatho ndi mjigo. Mudzamufunsenso kuti amakhala mu komiti iti, lipoti lomaliza la Auditor General lonena za khonsolo yanu ndi la chaka chiti, ndipo pa ndalama zimene linati zibwezedwe, zabwezedwa zingati.